Tidawalangiza tonse, koma palibe adawafunsa

Sabata ino ndiyamba ndi nkhani ya kwathu. Mwini nkhani wavomera kuti ndiyilembe, bola ndisatchule dzina.

Mayi anga aang'ono amakhala m'mudzi wina kufupi ndi pa Mitundu. Ndi mayi wa ana anayi, wolimbikira, amene kale dzuwa linkawatulukira ali kudimba. Amuna awo adapita ku Joni kukasaka maganyu. Chaka choyamba ndalama zinkabwera. Chaka chachiwiri zidayamba kudumphadumpha. Kenako foni idangosiya kugwira. Nthawi yomweyo n'kuti mayiwa atatenga ngongole ya feteleza ku banki m'khonde. Mvula idadula chimanga chikumasula, ndipo zomwe adakolola sizidakwane n'kubweza ngongole komwe.

Pang'ono ndi pang'ono munthu uja adasintha. Kudimba adasiya. Ku Chigwirizano adasiya. Usiku tulo osabwera, masana n'kumangokhala pakhonde dzanja lili patsaya. Ankadandaula mutu, kuthamanga kwa mtima ndi kuphwanya kwa thupi. Adayezetsa malungo kawiri konse, osapezeka.

Ndiye monga mwa mwambo, banja lidakumana. Amalume, amene ndi mwini mbumba, adabwera panjinga yamoto kuchokera ku Nathenje. Tidayala mphasa, anthu asanu ndi atatu, aliyense ndi mawu ake.

"Mlongo wanga, limbani mtima. Si inu woyamba kusiyidwa," adatero amalume.

"Banja n'kupirira, alamu. Abwera amenewo," adatero alamu awo.

Mkulu wa mpingo adati asafooke pa pemphero. Ine, ndi digiri yanga yonunkhira inki, ndidati: "Mayi, zimenezi pachizungu amati depression. Ndi matenda ndithu." Adandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti: "Ndiye iwe mwanawe ukuti ndapenga?"

Msonkhano udatha patapita maola awiri. Kupatula funso limeneli, mawu omwe mwini vuto adayankhula adali awiri basi: "Ndamva" ndi "Zikomo." Ndili mu minibasi pobwerera ku tauni mpamene ndidazindikira kuti tonse tidawalangiza, koma palibe ndi mmodzi yemwe adawafunsa chomwe chinkawadya mumtima.

Manyazi a tsiku limenelo ndi omwe adandichititsa kuwerenga zomwe akatswiri apeza pa nkhani ya uphungu. Zomwe ndidapezazo ndi zomwe ndikufuna tigawane lero.

Kodi kuyankhulana kumachiritsadi?

Funso limeneli si lopusa. Ngakhale ophunzira adakanganapo zaka zambiri. Kuchiza maganizo poyankhulana kudatchuka ndi Sigmund Freud wa ku Vienna chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, koma kwa nthawi yaitali padalibe yemwe adayeza bwinobwino ngati njirayi imagwiradi ntchito. Mu 1952, katswiri wa ku London, Hans Eysenck, adautsa mapiri pachigwa. Iye adalemba kuti mwa anthu atatu aliwonse ovutika maganizo, awiri amapeza bwino pakatha zaka ziwiri, kaya alandira uphungu kaya ayi. Kunena kwina, ankati aphungu akungodya ndalama za anthu.

Mawuwa adawawa, koma adathandiza. Akatswiri adayamba kuyeza uphungu momwe amayezera mankhwala. Amatenga anthu a vuto lofanana, n'kuchita maere: ena alandire uphungu, ena adikire kapena alandire chithandizo cha masiku onse. Pakatha miyezi amawayezanso onse ndi mafunso omwewo. Maerewo ndi ofunika, chifukwa amaletsa wofufuza kusankha odwala osavuta kuti njira yake ioneke yabwino.

Mu 1977, Mary Lee Smith ndi Gene Glass a ku America adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 375 n'kuziwerengera pamodzi. Adapeza kuti munthu wolandira uphungu amakhala bwino kuposa anthu 75 mwa 100 aliwonse omwe sadalandire. Kuchokera pomwepo funso lidasintha. Lidasiya kukhala lakuti "kodi zimathandiza?" n'kukhala lakuti "njira yothandiza kwambiri ndi iti, nanga chothandizacho kwenikweni n'chiyani?"

Njira n'zambiri, koma zimakumana pamodzi

Njira za uphungu zilipo zambirimbiri, koma zinayi ndi zomwe zayezedwa kwambiri m'maiko ngati lathu.

Yoyamba ndi ya CBT, yomwe mmodzi mwa oyambitsa ake ndi dokotala Aaron Beck wa ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1960. Iye adaona kuti munthu wokhumudwa amakhala ndi timaganizo tobwera tokha: "ndine wachabechabe," "aliyense akundiseka," "palibe chidzasinthe." Phungu amamuphunzitsa kugwira ganizo lotere n'kulipeta ngati mphale, kuti aone choona n'chiti, gaga ndi uti.

Yachiwiri ndi ya IPT, yomwe adaikonza Gerald Klerman ndi Myrna Weissman m'zaka za m'ma 1970. Iyi imayang'ana ubale wa munthu ndi anzake: kodi waferedwa, wayambana ndi wina, moyo wake wasintha mwadzidzidzi, kapena watsala yekhayekha?

Yachitatu ndi yothetsa mavuto limodzilimodzi. Munthu amatchula zonse zomwe zikumulemera, amasankha vuto limodzi, amaganiza yekha njira zingapo, n'kusankha yomwe angayese sabata imeneyo.

Yachinayi ndi yobwezeretsa munthu ku zochita zomwe adasiya. Wokhumudwa amadikira kuti mtima ukhale kaye bwino ndiye adzapite kudimba. Njirayi imati ayi, yambani ndi kuthirira bedi limodzi la mpiru, mtima udzatsatira pambuyo.

Nanga yopambana ndi iti? Mu 2021, Pim Cuijpers wa ku Amsterdam ndi anzake adaunika kafukufuku 331 wokhudza akuluakulu odwala matenda okhumudwa. Adapeza kuti njira zikuluzikuluzi zimathandiza mofanana ndithu, kusiyana kwake n'kochepa. Koma adapezanso kanthu kena: uphungu wongomvetsera ndi kutonthoza, wopanda dongosolo lililonse, udatsalira pang'ono poyerekeza ndi zinazo.

Zakuti njira zosiyana zimabala zipatso zofanana adazinenapo kale Saul Rosenzweig mu 1936. Iye ankati chochiritsa chili m'zinthu zomwe njira zonsezi zimagawana. Carl Rogers mu 1957 adatchula zina mwa izo: phungu akhale woona mtima, amulandire munthu osamuweruza, ndipo ayesetse kumva vutolo momwe mwini wake akulimvera. Kafukufuku wambiri wa pambuyo pake waonetsa kuti pamene wodwala ndi phungu akukhulupirirana, ndipo agwirizana chomwe akufuna kukonza, zotsatira zimakhala zabwinoko.

Choncho zofunika ndi ziwiri: khutu ndi dongosolo. Pa mphasa paja ife tidalibe chilichonse mwa ziwirizi. Tidali ndi pakamwa pokha.

Agogo a pabenchi ku Harare

Mwina mukuti, zimenezo ndi za azungu okhala ndi madokotala pakona iliyonse. Dikirani kaye.

Ku Zimbabwe kuli dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda. Iye amasimba za mtsikana wina, wodwala wake, yemwe adadzipha ali kumudzi chifukwa banja lidasowa ndalama ya basi yobwerera naye ku Harare. Imfayi idamuonetsa kuti kudikira odwala kuchipatala chachikulu n'kosakwanira. Mu 2006, ku Mbare, adayamba kuphunzitsa amayi achikulire omwe ankagwira kale ntchito yolangiza zaumoyo m'madera. Adaika mabenchi a matabwa panja pa zipatala zing'onozing'ono. Ntchitoyi ndi yomwe imatchedwa Friendship Bench.

Agogowo sadayambe ndi mawu achizungu ngati ine. Adagwiritsa ntchito mawu a Chishona akuti kufungisisa, omwe kwathu kuno timati kuganiza kwambiri. Munthu sachita manyazi kunena kuti "ndikuganiza kwambiri," pomwe ukamuuza kuti ali ndi matenda a mutu amathawa. Pabenchipo amakumana mpaka kasanu ndi kamodzi. Choyamba agogo amamuthandiza kutsegula maganizo, afotokoze zonse. Kenako munthuyo amasankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Agogo samuuza chochita. Amangomufunsa mafunso mpaka iye mwini apeze njira, n'kupangana kuti sabata yamawa adzafotokoze momwe zayendera.

Mu Disembala 2016, magazini ya zachipatala ya JAMA idasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24 za ku Harare, zomwe adazigawa pochita maere. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa omwe adakhala pabenchi, anthu 14 okha mwa 100 aliwonse ndi omwe adali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa. Mwa omwe sadakhalepo, adali 50 mwa 100 aliwonse.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero. Koma taonani kuti agogo a ku Harare sadazimitse motowo ndi ukalamba wawo wokha. Adaphunzitsidwa, adali ndi ndondomeko yotsatira, ndipo adali ndi owayang'anira omwe ankalandira odwala ovuta kwambiri.

Si Harare yokha

Ku Uganda, Paul Bolton ndi anzake adayesa njira ya IPT m'midzi 30 ya m'maboma a Masaka ndi Rakai, komwe Edzi idasakaza mabanja ambiri. Anthu ankakumana m'magulu, abambo paokha amayi paokha, kamodzi pa sabata kwa masabata 16, motsogozedwa ndi munthu wa m'dera lomwelo yemwe adaphunzitsidwa kwa masabata ochepa. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2003 zidaonetsa kuti mwa omwe adali m'magulu, pafupifupi 7 mwa 100 ndi omwe adatsala akudwalabe, pomwe m'midzi yopanda magulu adali pafupifupi 55 mwa 100.

Ku Pakistan, m'midzi ya ku Rawalpindi, Atif Rahman adaphunzitsa alangizi a zaumoyo achizimayi, ofanana ndi ma HSA athu, kugwiritsa ntchito nzeru za CBT poyendera amayi oyembekezera okhumudwa. Amayi 903 adalowa m'kafukufukuyu, yemwe adasindikizidwa mu 2008. Mwana atakwana miyezi isanu ndi umodzi, amayi 23 mwa 100 omwe adalandira uphunguwu ndi omwe adali okhumudwabe, poyerekeza ndi 53 mwa 100 a gulu linalo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatenga njirayi, yotchedwa Thinking Healthy, kuti maiko ena aigwiritse ntchito.

Pafupi pompa ku Lusaka, Laura Murray ndi anzake adayesa njira ya CETA pa mabanja 248 momwe mudali nkhanza komanso bambo womwa mowa mwauchidakwa. Aphungu ake adali anthu wamba ophunzitsidwa. Zotsatira za mu 2020 zidaonetsa kuti nkhanza kwa amayi zidachepa, ndipo abambo adachepetsa mowa. Iyi ndi nkhani yofunika kwa ife, chifukwa malipoti a apolisi kuno ku Malawi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Amuna nawonso amathandizika akapeza pokhala ndi womvetsera.

Nanga kwathu kuno?

Kuno nako kafukufuku akuchitika, kungoti nkhani zake sizifika pa msika wa Mitundu.

Mu 2008, Robert Stewart ndi anzake adasindikiza zomwe adapeza ku Thyolo, zakuti makanda a amayi ovutika maganizo ankakhala opinimbira poyerekeza ndi anzawo. Apa ndiye muone kuti maganizo a mayi si nkhani ya mayi yekha. Imafika mpaka pa sikelo.

Michael Udedi ndi anzake adayeza mafunso asanu ndi anayi otchedwa PHQ-9 m'Chichewa, ndipo adapeza kuti amathandiza kuzindikira wokhumudwa. Mafunsowa ndi osavuta: m'masabata awiri apitawa, mwakhala mukugona bwanji? Mukudya bwanji? Zomwe zinkakusangalatsani zikukusangalatsanibe? Mwaganizapo zakuti kuli bwino kufa?

Kuyambira mu 2017, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi a UNC Project adayesa kuphatikiza mafunsowa, mankhwala ndi uphungu wa Friendship Bench m'zipatala ziwiri za mumzinda wa Lilongwe, kwa anthu ongoyamba kumene kumwa ma ARV. Pano ndinene chilungamo: zotsatira sizidali zokoma ngati za ku Harare. Odwala ambiri sadabwererenso kudzapitiriza, ndipo omwe adalandira chithandizo chokwanira adali ochepa. Phunziro lake ndi lakuti njira ikhoza kukhala yabwino papepala, koma ngati munthu alibe ya kabaza, ngati phungu ndi yemweyo akuyezanso magazi pamzere wa anthu zana, uphunguwo umathera panjira.

Ku Neno zidayenda mwina. A bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adayesa m'zipatala 14 za m'bomalo uphungu wa pagulu wa Problem Management Plus, womwe adaukonza a WHO, pamodzi ndi mankhwala kwa omwe ankafunika mankhwala. Anthu 487 adatenga nawo mbali, ndipo zotsatira zidasindikizidwa mu magazini ya The Lancet mu 2024. Odwala adapeza bwino, adayambiranso kugwira ntchito zawo, ndipo ngakhale achibale okhala nawo nyumba imodzi adapepukidwa.

M'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, Mwawi Ng'oma ndi anzake adayesanso njira ya Thinking Healthy ija, pogwiritsa ntchito amayi odzipereka a m'midzi kuthandiza anzawo oyembekezera ndi ongobereka kumene.

Mukaziika pamodzi zonsezi, uthenga wake ndi umodzi. Sitiyenera kudikira kuti pa Nathenje padzakhale dokotala wa maganizo ndiye anthu ayambe kuthandizidwa. Anthu wamba angathe, akaphunzitsidwa, akamayang'aniridwa, komanso chithandizocho chikakhala pafupi ndi kwawo kwa wodwala.

Uphungu wina umapweteka

Tisanathamangire kukakhoma mabenchi, tidziwenso kuti si kuyankhulana kulikonse komwe kumathandiza. Kale kudali chizolowezi choti pakachitika ngozi, opulumuka aziwakhazika pansi tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti afotokoze zonse zomwe aona, mwatsatanetsatane, kamodzi kokha basi. Akatswiri a Cochrane ataunika kafukufuku wa njirayi mu 2002, adapeza kuti siiteteza munthu, ndipo pena omwe adachitiridwa zimenezi adavutika kuposa omwe adasiyidwa. Lero a WHO amalangiza kuti munthu wongopulumuka kumene asakakamizidwe kufotokoza. Mupatseni chitetezo, chakudya, pogona, mumulumikize ndi abale ake, ndipo mumvetsere ngati iye mwini wafuna kuyankhula.

Kwathu kuno ulinso uphungu wopweteka womwe tonse timaudziwa. Mayi womenyedwa n'kumamuuza kuti abwerere akapirire. Mnyamata woulula zakukhosi kwa mkulu wina, mawa lake n'kuzimva pa mjigo. Kapena munthu woti akumwa mankhwala a kuchipatala n'kumuuza kuti awataye poti wapemphereredwa. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Ambiri amayenda nazo zonse ziwiri, ndipo palibe cholakwika.

Zomwe ankhoswe ndi tonsefe tingatengepo

Chuma tili nacho kale. Tili ndi ankhoswe, anankungwi, amayi a Chigwirizano, ma sheikh, abusa, aphunzitsi, ma HSA. Maiko ena amachita kulemba ntchito anthu oti azikhala pafupi ndi ovutika, ife tili nawo m'mudzi uliwonse. Chomwe chimatisowa ndi kachitidwe. Kwathu mawu oti kulangiza amatanthauza kuti wamkulu ayankhule, wamng'ono aweramitse mutu. Kumeneko kuli ndi malo ake, pa chinamwali kapena pa ukwati. Koma kwa munthu amene maganizo amulemera, kafukufuku akuloza kwina.

Choyamba, chepetsani anthu. Munthu sangatsegule mtima pamaso pa anthu asanu ndi atatu, ena mwa iwo apongozi. Mmodzi wokhulupirika ndi wokwanira.

Chachiwiri, funsani, kenako khalani chete. Chete ameneyo amayabwa, koma mupirireni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, gwiritsani ntchito mawu a mwini wake. Akati "mtima ukundiwawa" kapena "ndikuganiza kwambiri," yambirani pomwepo.

Chachinayi, musanyamule mavuto onse tsiku limodzi. Asankhe limodzi, ndipo asankhe yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Njira yomwe munthu waipeza yekha ndi yomwe amaitsatira.

Chachisanu, chochita chikhale chaching'ono komanso chodziwika: adzachita chiyani, liti, ndi yani.

Chachisanu ndi chimodzi, bwereraninso. M'kafukufuku yense ndatchulayu mulibe momwe munthu adachira ndi ulendo umodzi. Ku Harare adali maulendo mpaka asanu ndi limodzi, ku Uganda masabata 16.

Chomaliza, sungani chinsinsi. Mukalephera ichi, zina zonsezo zagwa.

Pomwe benchi siikwanira

Kuwerenga nkhani ino sikukusandutsani phungu, monganso ine sindili phungu. Pali zizindikiro zomwe zikaoneka, musataye nthawi. Munthu akamanena zodzipha kapena zakuti kuli bwino atafa, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe pafupi, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa ganizolo. Kafukufuku waonetsa kuti kufunsa sikuonjezera ngozi, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Chimodzimodzi munthu akamamva mawu omwe ena sakuwamva, akasiyiratu kudya, akamakhala masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, kapena mayi wongobereka kumene akayamba kusokonezeka. Yambirani pa chipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ndi pa Mitundu kaya pa Nathenje, ndipo mukafotokoze zonse, osati mutu wokha. Iwo adzadziwa kokutumizani. A St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Pomwe pali nkhanza, ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

Tisaiwalenso kuti uphungu subweza ngongole ndipo sugwetsa mvula. Chomwe umachita n'kubwezera munthu mphamvu zoti ayang'anizane ndi zimenezo.

Ulendo wachiwiri

Patapita masabata atatu ndidabwereranso ku Mitundu, ndekha. Ndidawapeza mayi aang'ono akusenda mtedza kuseri kwa nyumba. Ndidakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo. Titadzaza theka la lichero ndidati: "Mayi, tsiku lija ndidalakwitsa, pepani. Koma tandiuzani, mwa zonsezi, chomwe chikukusowetsani tulo kwenikweni n'chiti?"

Sadayankhe msanga. Lilime linkandiyabwa kuti ndiwathandize kuyankha, koma ndidadziletsa. Kenako adati: "Iwe, za bambo akowo ndidazolowera. Chikundipha ine ndi ngongole ija. Amayi a ku banki m'khonde ndi omwewo a ku Chigwirizano, ndi omwewo a pa mjigo. Madzi ndimatunga kusanache kuti ndisakumane nawo."

Tonse asanu ndi atatu tidathera maola awiri pa nkhani ya mwamuna. Vuto lidali manyazi.

Ndidawafunsa zomwe akuona kuti zingatheke. Adatchula kugulitsa mbuzi, n'kuikana okha poti ndi ya fizi ya mwana. Adatchula katapila, n'kuseka okha. Kenako adati mwina atapita kwa tcheya wa gulu, osati pa msonkhano koma kunyumba kwake, n'kukapempha kuti azibweza pang'onopang'ono. Koma okha sangathe. Tidagwirizana kuti apite Lachitatu ndi mnzawo wina wa pafupi.

Loweruka ndidaimba foni. Sadapite. Ndidafuna kukalipa, koma ndidangofunsa chomwe chidavuta, ndipo tidapangananso tsiku lina. Sabata yotsatira adapita. Gulu lidavomera. Adapitanso kuchipatala, ulendo uno n'kukafotokoza za tulo, za kudya ndi za maganizo, ndipo akupitabe pa masiku omwe adawapatsa.

Sindinena kuti zonse zatha. Foni ya ku Joni ikadali chete, ngongole ikadalipo, ndipo masiku ena amadzukabe ndi mtima wolemera. Koma kudimba kuli mabedi atatu a mpiru, ndipo madzi akutunga dzuwa litatuluka.

Nditawafotokozera amalume pa Nathenje, adakhala chete, n'kupukusa mutu. "Ndiye kuti tsiku lija tinkangodzilalikira tokha eti?" Kenako adandifunsa kuti funso lija ndidalifunsa bwanji, ati pali mphwawo wina yemwe wasiya kupita ku mpira ndipo akungodzitsekera m'nyumba. Apita Lamlungu likudzali, okha.